Galimoto Ikafika Kwathu Imabatizidwa Kachiwiri

Khalani tsiku limodzi pa galaja iliyonse ku Kapata, pansi pa mtengo wa mango pomwe amakanika amayala masipanala awo pa saka, mumvetsere mmene anthu amatchulira magalimoto. Mudzamva za "ka Vitz kakale kaja", za "chi Prado cha abwana", za kanta, za bubble, za new shape. Dzuwa likhoza kulowa musanamve munthu akutchula dzina lonse lolembedwa pa white book ya galimotoyo. Komabe onse akumvana. Mnyamata wotumidwa ku Down Shops kukagula sipeya amathamanga n'kubwera ndi chinthu choyenera, ngakhale kuti nthawi zina amabwera ndi cholakwika, ndipo nkhani ya cholakwikacho ndifikako.

Maina amenewa ine ndimawakonda, ndipo ndakhala ndikuwatola monga mmene ena amatolera miyambi. Chimene ndaona n'chakuti dzina la pa msewu limakhala ndi ntchito yake. Wolipeka sadziwika, koma dzinalo limasunga zimene anthu aona ndi maso awo, zimene amva ndi makutu, ndi zimene zawapweteka m'thumba, zinthu zoti wogulitsa galimoto sangakuuzeni.

Ku fakitale nako maina amaganiziridwa mozama. Kampani imalipira anthu kuti apeze dzina lokoma m'makutu a wogula. A Toyota kwa nthawi yaitali ankakonda chisoti chachifumu: Crown ya mu 1955 ndi chisoticho m'Chingelezi, Corona ndi chisoti m'Chilatini, Corolla ya mu 1966 ndi kachisoti kakang'ono kaja ka duwa, ndipo Camry inachokera ku liwu la Chijapani lakuti kanmuri, lomwenso ndi chisoti. Mercedes linali dzina la mwana wamkazi wa Emil Jellinek, wamalonda amene ankagula magalimoto a Daimler n'kumagulitsa, ndipo kampaniyo inalembetsa dzinali mu 1902. Land Cruiser mu 1951 inkatchedwa Toyota Jeep BJ, koma dzina la Jeep linali la kampani ya Willys ya ku America, motero mu 1954 anaisintha. Pajero ya Mitsubishi, imene dzina lake linatengedwa ku mphaka wa m'tchire wa ku South America, m'maiko olankhula Chisipanishi inagulitsidwa ngati Montero chifukwa kumeneko liwulo ndi lotukwana, ndipo ku Britain inali Shogun. Makampani amadziwa bwino kuti dzina likhoza kuwonongera galimoto msika. Chimene sangathe n'kuilondola galimotoyo mpaka pa Umodzi Highway kuti amve mmene lilime lathu lilitchulira.

Ife choyamba timalipinda dzinalo kuti likwane m'kamwa. Mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, ndipo sitizolowera zilembo zolimba zitaunjikana malo amodzi. Hilux imasanduka hailakisi, Hiace ndi hayesi, Benz ndi benzi, Canter ndi kanta, Land Cruiser timaidula n'kutsala kuluza. Chijapani nachonso chimayenda ngati Chichewa pa nkhani imeneyi, n'chifukwa chake Toyota, Suzuki, Isuzu, Yamaha ndi Honda analowa m'chilankhulo chathu osagogoda n'komwe. Honda ndiye inalowa mpaka kuchipinda. M'midzi yambiri kuno kum'mawa njinga yamoto iliyonse ndi honda, ngakhale ikhale Boxer ya ku India kapena ina ya ku China. Kanta nayo inameza anzake: munthu akanena kuti walemba kanta yokatenga chimanga ku Chiparamba, musadabwe ikabwera Toyota Dyna kapena Isuzu Elf. Basi yapakati iliyonse ndi Rosa, ngakhale itakhala Toyota Coaster. Ndipo zibasi zikuluzikulu za pa Great East Road ambiri amaziti Marcopolo, pamene Marcopolo ndi kampani ya ku Brazil yomanga thupi la basi lokha, injini ndi chasisi zikuchokera kwa ena monga Scania kapena Volvo. Amene wafika msanga, kapena amene dzina lake lalembedwa ndi zilembo zazikulu pomwe maso amagwera, ndiye amatenga dzina la banja lonse.

Liwu lenilenilo lakuti galimoto linabwera mwanjira yomweyi. Odziwa zilankhulo amati linachokera ku Chiswahili, gari ndi moto, ngolo ya moto. Agogo athu ataona chinthu choyenda popanda ng'ombe, chikutulutsa utsi, dzinalo linawakwanira. Njinga yamoto anaitcha mthuthuthu potengera kulira kwake. Kuno ku Zambia tinawonjezapo motoka, kuchokera m'Chingelezi. Ngakhale pakati pa zilombo za Gule Wamkulu pali china chotchedwa Galimoto, kusonyeza kuti chinthu chachilendochi makolo anachilandira kalekale n'kuchipatsa malo pabwalo.

Pali chida china chimene Chichewa chili nacho, chimene ndimaona kuti sitichiyamikira mokwanira. Ndikunena ka- ndi chi-. Mzungu akafuna kunyoza kapena kutamanda galimoto amafunika chiganizo chonse, pamene ife zilembo ziwiri zakwana. "Ka Vitz" ndi kakang'ono, kosadya mafuta, kokondedwa, mwinanso kopeputsidwa, malinga ndi mmene wolankhulayo wakwezera mawu. "Chi Prado" ndi chachikulu, choopsa, chodzaza msewu, ndipo m'menemo muli ulemu ndi kaduka pang'ono. Koma mvetserani bwino: munthu akanena kuti "chi Corolla chake chija", Corolla sinakule ayi, yakalamba, yatha. Akati "ka Benz kake", ndiye kuti akuchepetsa mwini wake kapena akusirira mwachikondi. Ikafika poipiratu timangoti chiphapha, osatchulanso mtundu. Magalimoto ambiri kuno safuna dzina latsopano chifukwa ka- ndi chi- agwira kale ntchito yonse.

Nanga maina ena aja amafunikiranji? Yankho lili m'njira imene magalimoto athu amadzera. Kale zinali zosavuta. Ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza ma Fiat, pambuyo pake ma Peugeot, mabasi anali a UBZ, ndipo mwana wa sukulu ankatha kutchula mitundu yonse yodutsa pa msewu osamaliza zala. Kuno ku Chipata chonyadira chathu chinali njinga ya Eagle ya ku Luangwa Industries. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malonda atatseguka, kunayamba kukhamukira magalimoto ogwirapo kale ntchito a ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imayenera kuyesedwa ndi boma ikakwana zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, motero ambiri amaigulitsa ikadali yolimba. Iwo amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ndiye galimotoyo imangokwera sitima, kutsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kulowera pa Nakonde kapena pa Chirundu, n'kuyamba ntchito.

Zotsatira zake n'zakuti pa msewu umodzi mumakhala mibadwo itatu kapena inayi ya galimoto ya dzina limodzi. Vitz yoyamba inatuluka mu 1999, yachiwiri mu 2005, yachitatu mu 2010. Zonse ndi Vitz, koma nyali ya iyi singalowe pa iyo. Fakitale imazisiyanitsa ndi zilembo ndi manambala monga SCP10, KSP90 ndi KSP130. Amakanika enieni amazidziwa zimenezi pamtima, ndipo muwamva akukambirana za ma injini a 5A, 1NZ, 5L, 1HZ ngati akutchula ana awo. Koma mayi amene wagula ka Sienta kuti kazimupangira ndalama pa msewu wa ku Mwami sangasunge zonsezo m'mutu. Iye afuna liwu limodzi loti akalitchula pafoni, wa kumasipeya adziwe. Apa m'pamene maso amayamba kugwira ntchito. Corolla yozungulira thupi imakhala bubble, yamakona imakhala bokosi, ina imadziwika ndi nyali zake zakumbuyo.

Izi zimachitika kulikonse kumene kuli magalimoto, ndipo nthawi zambiri anthu amathamangira ku nyama. Munthu akayang'ana galimoto kutsogolo amaona nkhope: nyali ndi maso, pakati pali mphuno, pansi pali pakamwa. Austin-Healey Sprite ya mu 1958 inali ndi nyali zotukuka pamwamba pa boneti. Poyamba anakonza zoti nyalizo zizibisika zikazimitsidwa, koma poopa kukwera mtengo anangozisiya poyera, ndipo a ku Britain anaitcha Frogeye, maso a chule. Okonda Subaru Impreza amagawa mibadwo yake ndi maso okhaokha: ya mu 2000 ya nyali zozungulira ndi Bugeye, yotsatira ndi Blobeye, kenako Hawkeye ya maso akuthwa ngati a kabawi. Citroën 2CV ya ku France Ajeremani ankaitcha Ente, bakha. Mercedes 230 SL ya mu 1963 inatchedwa Pagoda chifukwa denga lake linali lolowa pakati ngati la akachisi a ku Asia, ndipo ku Nigeria Mercedes ya W124 mpaka lero ndi V-boot chifukwa cha mmene chitseko cha buti chinadulidwira.

Mfumu ya maina otere ndi Volkswagen ija yokhota msana. Ku fakitale inali Type 1 basi. Ajeremani anaitcha Käfer, chikumbu. Angelezi anati Beetle, Afalansa Coccinelle, ku Brazil Fusca, ku Mexico Vocho, ku South Africa Volksie, ndipo Ayoruba a ku Nigeria anaona fulu, n'kuitcha ijapa. Inapangidwa kuyambira mu 1938 mpaka mu 2003, pamene yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Puebla ku Mexico, zonse pamodzi zoposa 21 miliyoni. Chondisangalatsa n'chakuti kampaniyo inagonja, n'kutenga dzina la pa msewu kukhala lake, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inatulutsa galimoto ina n'kuilemba poyera kuti New Beetle. A Toyota anachitanso chimodzimodzi. Ka Corolla kothamanga kamene kanapangidwa kuyambira mu 1983 mpaka 1987 nambala yake ya chasisi inali AE86, achinyamata a ku Japan n'kumangokatcha hachi-roku, kutanthauza 8 ndi 6. Mu 2012 kampaniyo inatulutsa galimoto yatsopano dzina lake 86. Kuwerenga manambala kumeneku n'kwathunso: Toyota GX100, Peugeot 504, Land Rover 109 ndi wani-teni.

Makutu nawo amabala maina. Ku South Africa ma Golf othamanga aja amawati vrrr-pha, potsanzira kulira kwa ekizozi pamene giya ikusintha. Ife a Chichewa, ndi chuma chathu cha mawu monga vuu, khwee, gudugudu ndi phofo, pamenepa sitisowa poyambira, ndipo mwana wosewera ndi galimoto yake ya mawaya amadziwa kale kusiyanitsa kulira kwa kanta ndi kwa thilakitala.

Koma maina amene amandigwira mtima kwambiri ndi aja obadwa pa chochitika, chifukwa ndi mmene ifenso timatchulira ana. Wobadwa pa nthawi ya maliro ndi Misozi, wobadwa m'chaka chovuta ndi Mabvuto, wobwera pambuyo pa kudikira kwanthawi yaitali ndi Chimwemwe. Ngakhale galu amapatsidwa dzina loti mnansi wamiseche akalimva adziwe kuti akunena iye. Dzina kwathu ndi kalata. Tsono taonani zimene zinachitika ku South Africa. Mu 1984, pa masewera a Olympics ku Los Angeles, mtsikana wobadwira ku South Africa dzina lake Zola Budd, wodziwika ndi kuthamanga wopanda nsapato, anagundana ndi Mary Decker wa ku America pa mpikisano wa mamita 3,000, ndipo Decker anagwa. Dziko lonse linalankhula za nkhaniyi. M'makomboni a anthu akuda, nthawi imeneyo ma minibasi a Toyota Hiace anali atayamba kudzaza misewu, akuthamanga osapumira, ndipo anthu anawatcha Zola Budd. Ena a mtundu wina anawatcha Mary Decker. Ganizirani: inali nthawi ya tsankho, mtsikanayo anali mzungu, koma oyenda pa minibasi anangoona liwiro lake ndi mapazi ake opanda nsapato, n'kumutenga kukhala wawo. Pambuyo pake a Toyota a kumeneko anaphunzirapo n'kuyamba kupatsa ma minibasi awo maina a m'chilankhulo cha okwera, Siyaya, tikupita, kenako Ses'fikile, tafika.

Nissan Skyline GT-R ya mu 1989 inatchedwa Godzilla, chilombo chija cha m'mafilimu a ku Japan, ndi magazini ya ku Australia yotchedwa Wheels. Dzina lotere likanatha kufa sabata yomweyo. Linakhala chifukwa galimotoyo inalikwaniritsa: inapambana mipikisano yonse 29 imene inalowa mu ligi ya ku Japan kuyambira 1990 mpaka 1993, n'kukapambananso ku Bathurst ku Australia mu 1991 ndi 1992. Gogo wake wa galimoto imeneyi, wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Ajapani amamutcha Hakosuka, kuphatikiza hako, bokosi, ndi chiyambi cha dzina la Skyline mmene iwo amalitchulira. Ku South Africa BMW 325i yamakona ija, imene inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndi Gusheshe, ndipo ndi imene anyamata a ku Soweto amazungulitsa pabwalo mpaka matayala kutha.

Anzathu a ku Nigeria ndiye akatswiri a nthabwala pa nkhaniyi. Honda Accord ya mu 2003 anaitcha End of Discussion, kutanthauza kuti ukaigula mkangano watha, palibenso chonena. Kampani itaikonza pang'ono kumbuyo patapita zaka zochepa, anthu anati Discussion Continues, mkangano wayambiranso. Yotsatira ya mu 2008, ya nkhope yolusa, inakhala Evil Spirit, mzimu woipa. Toyota Camry ya mu 2002 ena amaiti Big Daddy, ena Big for Nothing, chachikulu chopanda phindu. Apa mukuona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mainawa akusiyanitsa mibadwo ya galimoto monga ndanenera, komanso dzina lililonse likuyankha linzake, ngati nyimbo ya pamtondo imene wina amayambitsa wina n'kupolokozera.

Kumene kuli chuma ndi ulamuliro dzina limakhala ndi mano. Kum'mawa kwa Africa anthu olemera a m'boma ndi amalonda ankatchedwa Wabenzi, ngati kuti ndi mtundu wa anthu, monga Achewa kapena Angoni, koma mfunda wawo ndi Benz. Ku Tanzania zi Land Cruiser za akuluakulu amaziti shangingi, ndipo boma la Jakaya Kikwete litakhazikitsa ndondomeko ya Kilimo Kwanza mu 2009, kutanthauza ulimi patsogolo, anthu anapatsa dzina lomwelo V8 yatsopano imene akuluakuluwo ankayendera. Mlimi wa ku Vubwi amene wadikirapo fetereza mpaka mvula kugwa safunika kumasuliridwa chimene Atanzania ankanena pamenepo. Kuno kwathu tili ndi kasalanga, chi lole chotseka chija chonyamula akaidi kuchoka kundende kupita kukhoti, ndipo kutsidya kwa Mchinji galimoto yazitsulo ya apolisi amaiti chimbaula. Tilinso ndi nthabwala zathu za osauka. Popeza makampani ambiri kuno amayamba ndi Zam-, monga Zamtel ndi Zampost, wilibala yonyamula katundu pamsika inasanduka Zamcab, ndipo amene alibe ya basi amati wakwera Zamfoot. Munthu woseka chonchi akudziwa bwino lomwe pomwe waima, ndipo wakana kuti umphawi umulande ulemu.

Mantha nawo amatcha maina. Porsche 911 Turbo ya mu 1975 inali ndi injini kumbuyo, ndipo mphamvu ya turbo inkachedwa kubwera kenako n'kubwera yonse nthawi imodzi. Woyendetsa wosazolowera zikamuchitikira pokhota, kumbuyo kwa galimoto kunkapitirira kutsogolo. Anaitcha Widowmaker, yosiya akazi amasiye. Akuluakulu a kuno akukumbukira malole a IFA ochokera ku East Germany, amene ankapangidwa ku Ludwigsfelde. Zilembo zitatuzo zinkaimira dzina la Chijeremani la bungwe la mafakitale a magalimoto, koma Mchewa akaziwerenga amapeza "ifa", liwu loyandikana ndi imfa. Lole yodzaza anthu pamwamba, ikutsika Manenekela, dzina lake likumveka chonchi, nkhani zinkadzipeka zokha. Apa ndimaona kuti dzina limatha kulanga chinthu koposa mlandu wake. Ngozi zambiri za malole zimachokera ku katundu wopyola muyeso, mabuleki osakonzedwa ndi dalaivala wotopa, koma anthu amakumbukira dzina, zinazo amaiwala.

Tsono dzina limayenda bwanji kuchoka pakamwa pa munthu mmodzi mpaka tauni yonse? Ndinazionera pakhomo pathu. Amalume anali ndi Peugeot 404 ya pikapu imene inkanyamula anthu, fodya ndi mtedza pa msewu wa ku Lundazi. Ndalama za sukulu za ana onse a pabanja, ife adzukulu tomwe, zinkachokera m'menemo, ndipo iwo ankaitcha Mai a Ana. Mmawa ikakana kulira ankaisisita pa boneti n'kunena kuti, "Mai, dzukani, ana adya chiyani?" Ife tinkakankha mpaka italira. Limeneli linali dzina la galimoto imodzi, monga mawu aja olembedwa kumbuyo kwa ma minibasi ndi pa zikopa za matope za malole, amene amanena za mwini wake ndi zimene wadutsamo. Koma ana a m'mudzi sankadziwa kuti kuli Peugeot. Iwo 404 iliyonse ikatulukira pa fumbi ankafuula kuti, "Mai a Ana abwera!" Posakhalitsa akuluakulu omwe anayamba kunena kuti akwera mai a ana wa uje. Dzina la pakhomo linasanduka dzina la mtundu wonse, m'dera lathu lokhalo, ndipo ma 404 atatha nalonso linatha.

M'tauni amene amanyamula maina ndi angwangwazi oitanira anthu m'mabasi, makondakitala, amakanika ndi ogulitsa masipeya. Ngwangwazi amafuula liwu limodzi tsiku lonse pamaso pa anthu ochokera ku Katete, ku Mfuwe, ku Petauke, ndipo madzulo liwulo lagona m'maboma atatu. Masiku ano pawonjezeka Facebook ndi magulu a WhatsApp ogulitsirana magalimoto, kumene dzina lobadwira ku Harare kapena ku Lilongwe limafika ku Navutika tsiku lomwelo. Chipata ili pamalo abwino pa zimenezi: malire a Mwami ali pafupi, Lusaka ili makilomita oposa 500 kumadzulo, ndipo madalaivala a mathiraki ochokera ku Mozambique amadutsa ndi mawu awo. Komabe maina ambiri amafera pomwe abadwira. Lokhalitsa limakhala lalifupi, loti wolimva koyamba akayang'ana galimotoyo aseke yekha popanda womufotokozera. Limafunikanso mnzake wolimbana naye, chifukwa bubble alibe tanthauzo ngati kulibe bokosi. Ndipo galimotoyo iyenera kukhala yochuluka pa msewu kapena yosowa kwambiri moti aliyense amaicheukira. Zapakatikati zimangodutsa ndi dzina la ku fakitale. Palinso zina zimene dzina lawo linagwa bwino lokha. Noah, kwa anthu oleredwa ndi Baibulo ngati ife, ikadzaza ana, nkhuku ndi matumba a ufa popita ku Nc'wala ku Mtenguleni, palibe angaganize dzina loposa limenelo.

Noah yomweyi ndi imene inandiphunzitsa malire a maina a pa msewu. Ndinaimbira foni sitolo ina ku Lusaka kuitanitsa zipangizo za ku mawilo akutsogolo, n'kunena kuti ndi za Noah old shape. Wa kusitoloyo anavomera, ndinatumiza ndalama, katundu anabwera pa basi. Amakanika atatsegula anangopukusa mutu. "Akulu, izi si zanu. Old shape yanu ndi ina, ya iwo ndi ina." Vuto linali lakuti Noah ya mu 1996, imene dzina lake lonse ndi Town Ace Noah, imakankha ndi mawilo akumbuyo ndipo nambala yake ndi SR40, pamene ya mu 2001, AZR60, imakoka ndi akutsogolo ndipo injini yake ndi ina. Kwa ine old shape inali ya mu 1996. Kwa mnyamata wa ku Lusaka, amene wazolowera kuona za mu 2007 ndi zotsatira, ya mu 2001 inali itakalamba kale. Mawu akuti new shape amasuntha chaka ndi chaka, ndipo yatsopano ya lero ndi yakale ya mawa. Galimoto inakhala pa miyala sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo nambala ya chasisi ndinailemba m'foni, ndipo aliyense wogula sipeya ndimamuuza kuti dzina la pa msewu alitchule pocheza, koma potulutsa ndalama awerenge kachitsulo kaja kokhomedwa pa thupi la galimoto.

Dzina limasunthanso mtengo. Galimoto ikangodziwika kuti imamwa mafuta, kapena kuti injini yake amakanika amaiopa, monga zinakhalira ndi ma injini ena a Toyota olembedwa D-4 amene amafuna mafuta oyera ndi makina oyezera, mbiriyo imamatirira pa mtundu wonse ndipo wogulitsa amatsitsa mtengo. Nthawi zina mbiriyo ndi yoona. Nthawi zina imangosonyeza kuti luso lokonza injini yotere linali lisanafike kwathu. Wodziwa kusiyanitsa ziwirizi amagula galimoto yabwino motchipa, ndipo ndaona amakanika achinyamata, aja oyenda ndi kompyuta yaing'ono yoyezera, akugula zimene anzawo akuzithawa.

Tsopano kwabwera mtundu wina umene ukutiyesa. Ma hybrid, magalimoto oyendera mafuta ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, imene inatuluka mu 2011, ayamba kuoneka m'misewu ya Chipata. Ponyamuka amayenda ndi batire, injini ili chete. Maina athu akale anabadwira pa moto, utsi ndi phokoso, ndipo aka kalibe thuthuthu kapena gudugudu. Mwezi watha pa galaja ija ya ku Kapata, Aqua ina inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kufika pafupi ndi amai ena ogulitsa nthochi, iwo osamva kanthu. Atacheuka analumpha, dengu lili m'manja, n'kukalipa kuti, "Iwe mwanawe, kagalimoto kako kamayenda monyang'ama ngati kakuba nkhuku!" Galaja yonse inafa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo anyamata a pamenepo Aqua iliyonse ikalowa amauzana kuti kanyang'ama kabwera. Dzulo ndinamva mmodzi wa iwo akulitchula pafoni kwa wogulitsa masipeya wa ku Down Shops, ndipo wa kutsidyayo anafunsa kawiri kuti akunena galimoto iti.